Tizilombo Tofulula Mafuta Kuchokera ku Utsi wa M'ng'anjo

Pamwamba pa machumuni a mafakitale ambiri osungunula chitsulo pamakhala lawi la moto limene limaoneka patali usiku. Mlendo angaliyese ngozi, koma ndi moto woyatsidwa dala. Chimene chimayaka pamenepo ndi mpweya wotuluka m'ng'anjo, ndipo eni fakitale amauotcha chifukwa ndi woopsa kwambiri moti sangautaye wosapsa. Gawo lalikulu la mpweyawo ndi carbon monoxide. Dzinali ndi lachilendo, koma mpweya wakewo ndi wodziwika bwino m'chigawo chino. Ndi womwe uja umapha banja lonse kutulo pamene mbaula ya makala yagonekedwa m'nyumba yotseka mazenera m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Ukalowa m'magazi umalanda malo a okosijeni, munthu n'kutsirizika osadzuka n'komwe.

Mpweya umene ndi poizoni kwa munthuwu, kwa zamoyo zina ndi chakudya. Mu Meyi 2018, ku Caofeidian m'chigawo cha Hebei ku China, pambali pa fakitale ya chitsulo ya Jingtang ya kampani ya Shougang, panayamba kugwira ntchito fakitale ya mtundu watsopano. Mpweya wa m'ng'anjo umadutsa m'mapaipi n'kukalowa m'mathanki aatali odzaza ndi madzi ofunda, mmene muli mabakiteriya osawerengeka. Tizilombo tosaoneka ndi maso timeneti timadya mpweyawo n'kutulutsa ethanol. Fakitaleyi inamangidwa kuti izitulutsa matani 46,000 pachaka, amene ndi malita pafupifupi 58 miliyoni. Inali yoyamba padziko lonse kuchita zimenezi pa mlingo wa malonda, ndipo luso lake linachokera ku kampani ya LanzaTech.

Ethanol si mlendo kwa oyendetsa galimoto a kuno. Dziko la Zimbabwe linayamba kumutcheza ku Triangle mu 1980, Malawi inatsatira ku Dwangwa mu 1982, ndipo kuyambira nthawi imeneyo madalaivala ambiri a ku Malawi akhala akuyendera petulo wosakaniza ndi ethanol ngakhale osadziwa. Mu 2004 kunabwera fakitale ina ku Chikwawa, kenako ya ku Chisumbanje ku Zimbabwe. Onsewa amadalira nzimbe. Ku Brazil n'chimodzimodzi. Ku America ndi chimanga, moti gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a chimanga chonse cha dzikolo limathera ku mafuta a galimoto. Kulikonse kumene ethanol wapangidwa wochuluka, pakhala pakufunika munda, madzi othirira ndi feteleza, ndipo funso lakhala limodzimodzi: munda umenewo ukanalimidwa chakudya cha yani? Pamene mitengo ya zakudya inakwera padziko lonse mu 2007 ndi 2008, mafuta ochokera ku mbewu anali m'gulu la zinthu zimene zinalozedwa chala. Ku Chisumbanje alimi ang'onoang'ono anakangana ndi kampani kwa zaka zambiri pa za malo amene anasanduka minda ya nzimbe. Chimene chikuchititsa kuti nkhani ya ku Caofeidian ikhale yoyenera kuimvetsera n'chakuti ethanol wa kumeneko sanalande munda wa munthu aliyense.

Kachilombo kamene kamagwira ntchitoyi kali ndi mbiri yoseketsa pang'ono. Mu 1994 akatswiri a pa yunivesite ya Louvain ku Belgium analengeza kuti apeza bakiteriya watsopano m'ndowe za kalulu, ndipo anamutcha Clostridium autoethanogenum. M'nthano Kalulu ndiye amatulukira njira pamene Njovu ndi Mkango asowa chochita. Pano zikuoneka kuti nzeru zinali m'matumbo mwake. Bakiteriyayu amakhala m'malo opanda okosijeni, ndipo okosijeni akachuluka amafa. Ali m'gulu la mabakiteriya amene amamanga thupi lawo kuchokera ku mpweya wokhala ndi kaboni, popanda dzuwa ndiponso popanda shuga. Njira imene amatsata inafotokozedwa ndi akatswiri awiri, Harland Wood ndi Lars Ljungdahl, ndipo imadziwika ndi maina awo. Asayansi ambiri amaiona ngati imodzi mwa njira zakale kwambiri zimene zamoyo zinkapezera chakudya, nthawi imene dziko linalibe mtengo kapena udzu, koma mipweya yokha yotuluka m'ming'alu ya pansi pa nyanja.

Aliyense amene anaonapo mmene mowa umafululidwira angamvetse ntchitoyi mosavuta. Mumbiya ya mowa yisiti amadya shuga wochokera ku chimera, n'kusiya ukali umene umaledzeretsa. Ukali umenewo ndiye ethanol. Yisiti amafuna shuga chifukwa mu shugamo muli mphamvu. Nawo mpweya wa carbon monoxide uli ndi mphamvu, n'chifukwa chake umayaka. Kalawi kobiriwira kamene kamavina pamwamba pa makala ndi mpweya womwewu ukupsa. Ukapsa umasanduka carbon dioxide, amene tinganene kuti ndi phulusa la mpweya, pakuti mphamvu yake inatha kale. Kusiyana kwa mipweya iwiriyi ndiye phata la nkhani yonse. Bakiteriya amatha kukhala ndi moyo pa carbon monoxide yekha. Pa carbon dioxide yekha sangathe, monga mmene munthu sangaphikire nsima pa phulusa. Kuti adye carbon dioxide amafuna mpweya wina wa mphamvu, wotchedwa hydrogen.

Chimene chinavuta kwa zaka zambiri chinali kudyetsa tizilomboti. Shuga amasungunuka m'madzi msanga, pamene carbon monoxide amakana. Amangobwadamuka n'kuthawira pamwamba. Mainjiniya anayenera kupanga mathanki amene amaswa mpweya kukhala tithovu ting'onoting'ono n'kumauzunguliza m'madzi mpaka bakiteriya ataupeza. Madziwo amasungidwa pa madigiri 37, kutentha kofanana ndi kwa thupi la munthu. Ntchitoyi siimaima monga mmene mowa wa m'mbiya umadikirira tsiku lake: mpweya umalowa kosalekeza, madzi okhala ndi ethanol amatuluka kosalekeza, n'kupita kokatchezedwa. Kutcheza kwake n'kofanana ndi kwa kachasu, kungoti m'malo mwa mphika ndi mpope wodutsa m'madzi ozizira muli nsanja zazitali zachitsulo. Madzi otsala amabwezedwa m'mathanki.

Kusandutsa mpweya kukhala mafuta sikunayambe ndi mabakiteriya, ndipo chigawo chino chimadziwa zimenezi kuposa madera ambiri. M'zaka za m'ma 1920 akatswiri awiri a ku Germany, Franz Fischer ndi Hans Tropsch, anapeza njira yopangira mafuta kuchokera ku carbon monoxide ndi hydrogen. Kampani ya Sasol ya ku South Africa inayamba kugwiritsa ntchito njirayi ku Sasolburg mu 1955, kenako ku Secunda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, posandutsa malasha kukhala mpweya, mpweya kukhala petulo ndi dizilo. Njira ya Sasol imafuna kutentha kwa madigiri 200 kapena 350, mpweya wopanikizidwa kwambiri, komanso woyeretsedwa bwinobwino, chifukwa sulufule pang'ono chabe amaononga zitsulo zimene zimathandiza kusinthako. Imafunanso kuti mipweya iwiriyo isakanizidwe pa muyeso wosasintha. Mpweya wa m'ng'anjo ya chitsulo sumvera malamulo otere: lero uli chonchi, mawa wasintha, ndipo umabwera ndi zonyansa zake. Bakiteriya amapirira zambiri mwa zimenezi. Sulufule wina amamudya ndithu, ndipo akafa ena, otsalawo amaberekana. Chitsulo chikaonongeka chimayenera kugulidwa china.

Pali mbiri inanso imene yaiwalika. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Chaim Weizmann, amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Israel, anagwiritsa ntchito bakiteriya wa banja lomweli la Clostridium kupanga acetone wofunika popanga onga wa mfuti ku Britain. Fakitale ya mtundu umenewo inamangidwanso ku Germiston pafupi ndi Johannesburg m'zaka za m'ma 1930, ndipo inkadyetsa mabakiteriya ake molasesi. Inapirira nthawi yaitali kuposa anzake ambiri a ku Ulaya ndi ku America, koma inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mabakiteriya anali akugwirabe ntchito yawo bwino. Chinavuta n'chakuti molasesi anakwera mtengo pamene mankhwala omwewo ochokera ku mafuta a pansi pa nthaka ndi malasha anali otchipa. Aliyense wofuna kuweruza za mabakiteriya odya utsi ayenera kukumbukira Germiston.

Kampani ya LanzaTech inakhazikitsidwa mu 2005 ku Auckland, New Zealand, ndi asayansi awiri, Sean Simpson ndi Richard Forster. Maganizo awo anali akuti mtengo wa chakudya cha mabakiteriya ndiwo umapha mafakitale otere, choncho chakudyacho chikhale chinthu chimene ena akutaya. Anayamba kuyesa pa fakitale ya chitsulo ya Glenbrook m'dziko lomwelo mu 2008, kenako pa fakitale ya Baosteel ku Shanghai mu 2012. Mu 2014 likulu la kampani linasamukira ku Skokie pafupi ndi Chicago, motsogozedwa ndi Jennifer Holmgren. Kuchokera pokhazikitsa kampani kufika ku Caofeidian panapita zaka 13. Ena amene anayamba nawo ulendowu anagwera m'njira. Kampani ya Coskata ya ku America inatseka isanamange fakitale yaikulu. Ya INEOS Bio inamanga yake ku Vero Beach, Florida, yosandutsa zinyalala za mitengo kukhala mpweya wodyetsa mabakiteriya, koma mu mpweyawo munkapezeka poizoni wa cyanide pang'ono amene ankafooketsa tizilomboto, ndipo fakitaleyo inagulitsidwa isanatulutse ethanol wochuluka monga inalonjezera. Kupirira kwa bakiteriya kuli ndi malire ake.

Pofika 2023 mafakitale a malonda ogwiritsa ntchito luso la LanzaTech anali asanu ndi limodzi. Anayi anali ku China. Kupatula ya Caofeidian, atatuwo ali m'zigawo za Ningxia ndi Guizhou, pa ng'anjo zosungunula zitsulo zosakaniza zimene zimalimbitsa chitsulo wamba. Ina inamangidwa ku Panipat ku India, pamalo oyengera mafuta a kampani ya IndianOil. Yachisanu ndi chimodzi ndi ya Steelanol ya kampani ya ArcelorMittal ku Ghent, Belgium, imene inatsegulidwa mu Disembala 2022 n'kuyamba kutulutsa ethanol chaka chotsatira.

Ethanol ameneyu wafika kutali. Mu Okutobala 2018 ndege ya Virgin Atlantic inauluka kuchoka ku Orlando kupita ku London Gatwick ndi mafuta osakaniza pang'ono ndi ena opangidwa kuchokera kwa iye. Mu 2020 kunabadwa kampani ya LanzaJet yosandutsa ethanol kukhala mafuta a ndege, ndipo mu Januwale 2024 inatsegula fakitale yake ku Soperton, Georgia. Sopo wochapira wa Omo anagulitsidwapo ku China mu 2021 ali ndi mankhwala ochokera ku utsi; kampani ya Zara inasoka madiresi, ya On nsapato, ya Coty mafuta onunkhira. Zambiri mwa zimenezi zinali zochepa, zopangidwa kuti manyuzipepala alembe, ndipo analembadi. Zofunika kwambiri sizinamveke phokoso lotero. Mu 2022 asayansi a LanzaTech, yunivesite ya Northwestern ndi malo ofufuzira a Oak Ridge anasonyeza kuti bakiteriya yemweyu, atasinthidwa chibadwa, amatha kutulutsa acetone ndi isopropanol, mankhwala amene makampani a utoto, mapulasitiki ndi zipatala amagula ochuluka. Izi zikutanthauza kuti thanki imodzi ikhoza kusintha katundu wake pongosintha mbewu ya bakiteriya.

Chinanso ndi masese ake. Mabakiteriya amaberekana kosalekeza, ndipo otsala amayenera kuchotsedwa m'mathanki. Akaumitsidwa amakhala ufa umene gawo lake lalikulu ndi mapuloteni. Mu 2021 unduna wa za ulimi ku China unavomereza ufawu kukhala chakudya cha ziweto, ndipo umasakanizidwa makamaka m'zakudya za nsomba. Kwa dziko limene limagula soya wokwana matani pafupifupi 100 miliyoni kunja chaka ndi chaka, iyi si nkhani yaing'ono. Mlimi wa nkhuku kapena wa chambo, amene ndalama zake zambiri zimathera ku chakudya cha ziwetozo, angaone msanga phindu la mapuloteni osalimidwa kuposa la diresi la ku Zara.

Komabe chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Otsatsa malonda amakonda kunena kuti mabakiteriyawa amachotsa mpweya woipa, ndipo omvera amaganiza kuti kaboni yense wolowa m'thanki wagwidwa. Masamu ake akunena zina. Bakiteriya akamadya carbon monoxide yekha, pa tizigawo ta kaboni tisanu ndi kamodzi timene talowa, tiwiri tokha ndito timakhala ethanol; tinayi timatuluka ngati carbon dioxide, chifukwa kachilomboko kamayenera kuotcha gawo lina la chakudya chake kuti kapeze mphamvu yomangira gawo linalo. Mpweya ukakhala ndi hydrogen wambiri, monga wa pamalo oyengera mafuta, kaboni wogwidwa amachuluka. Koma ngakhale wogwidwayo sakhalitsa. Ethanol akathiridwa m'galimoto kapena m'ndege amapsa, ndipo kaboni wake amapita kumwamba kumene ankapita poyamba. Wangochedwa masabata kapena miyezi ingapo. Phindu lenileni lili pa petulo amene sanapopedwe pansi pa nthaka chifukwa ethanol watenga malo ake. Kaboni wa m'malasha wagwira ntchito kawiri, koyamba posungunula chitsulo, kachiwiri poyendetsa galimoto. Phindu limeneli ndi loona, ndipo ndi locheperapo poyerekeza ndi limene zikwangwani zimalonjeza.

Nyerere yachiwiri ili pa mawu akuti mpweya wotayidwa. Lawi la pa chumuni limaoneka kwa aliyense, koma mafakitale ambiri amakono saotcha mpweya wawo wonse pachabe. Wochuluka amaugwiritsa ntchito kutenthetsa ng'anjo zina ndi kupanga magetsi. Mpweyawo ukapatsidwa kwa mabakiteriya, magetsi amene unkapanga ayenera kuchokera kwina. Ngati kwinako ndi mphepo, dzuwa kapena madzi, dziko lapindula, pakuti magetsi ali ndi njira zambiri zowapangira mwaukhondo pamene mafuta a ndege alibe. Ngati kwinako ndi malasha, monga zilili ku South Africa kumene magetsi ambiri a Eskom amachokera ku malasha, phindu limachepa kwambiri, mwinanso kutheratu. Luso lomwelo likhoza kukhala labwino m'dziko lina, lopanda pake m'dziko lina. Bungwe la European Union linaona mfundoyi. Lamulo lake la mu 2018 linaika mafuta otere m'gulu laokha, losiyana ndi la mafuta ochokera ku zomera, n'kusiyira dziko lililonse ufulu wowawerengera kapena ayi pa malonjezo ake a za mafuta aukhondo. Malamulo otsatira a mu 2023 anati mafutawa ayenera kuchepetsa mpweya woipa ndi magawo 70 pa 100 poyerekeza ndi petulo, powerengeranso magetsi otayika aja. Ethanol amene lamulo silikumuwerengera amagulitsidwa pa mtengo wamba, kupikisana ndi wa chimanga ndi wa nzimbe amene mafakitale ake anabweza kale ndalama zomangira.

Kukula kwa vuto nako kumafooketsa. Fakitale ya ku Ghent inadya ndalama pafupifupi mayuro 200 miliyoni. Inamangidwa kuti izitulutsa malita 80 miliyoni pachaka, ndipo eni ake anati idzachepetsa mpweya woipa ndi matani 125,000 pachaka. Mafakitale a chitsulo padziko lonse amatulutsa carbon dioxide woposa matani 2 biliyoni chaka chilichonse. Ndi kutunga nyanja ndi chikho. Otsutsa amaonjeza kuti mathanki a mabakiteriya amapatsa eni ng'anjo za malasha chifukwa chozisungira, pamene njira yeniyeni ndi kusiya malasha. Amaloza ku Sweden, kumene ntchito ya HYBRIT inapanga chitsulo pogwiritsa ntchito hydrogen m'malo mwa malasha n'kuchipereka ku kampani ya Volvo mu 2021. Mfundo yawo ndi yomveka kwa maiko a ku Ulaya amene ng'anjo zawo zakalamba. Koma dziko la China limapanga chitsulo choposa theka la chitsulo chonse cha padziko, ng'anjo zake zambiri ndi zatsopano, ndipo India akumangabe zina. Zimenezi zidzafuka kwa zaka makumi angapo, wina afune asafune. Kukana kugwiritsa ntchito utsi wake podikira tsiku limene zidzagwetsedwe sikuchepetsa utsiwo.

Amalonda sanapirire monga anapiririra asayansi. LanzaTech inalowa pa msika wa masheya wa Nasdaq mu Febuluwale 2023, koma mtengo wa masheya ake unagwa kwambiri, ndipo mu 2025 kampaniyi inachotsa antchito ambiri n'kuchenjeza eni masheya kuti ndalama zoyendetsera ntchito zikuperewera. Mthunzi wa Germiston unaonekanso. Mabakiteriya atsimikiza kuti ntchito amaitha. Chimene chatsala kutsimikizika ndi chakuti ntchitoyo ingadzilipire yokha kumene boma silikuthandiza.

Pa mapu, kum'mwera kwa Africa kumaoneka ngati malo oyenera luso limeneli. South Africa ili ndi miyala ya chrome yochuluka kuposa dziko lina lililonse, Zimbabwe ili nayonso, ndipo ng'anjo zotsekeka zosungunulira miyalayi zimatulutsa mpweya wokhala ndi carbon monoxide wambiri, wofanana ndi umene ukudyetsa mabakiteriya ku Ningxia. Maiko angapo a kuno ali kale ndi chizolowezi chosakaniza ethanol ndi petulo, ndipo onse amalira ndi ndalama zakunja zimene zimathera kogula mafuta. Mu 2017 kampani ya Swayana ya ku South Africa inalengeza mgwirizano ndi LanzaTech womanga fakitale yotere m'chigawo cha Mpumalanga. Koma pa mafakitale asanu ndi limodzi aja, palibe imene ili mu Africa.

Chifukwa chimodzi chikuoneka poyera. Bakiteriya amafuna chumuni chimene chikufuka tsiku ndi tsiku, ndipo womanga mathanki amafuna chitsimikizo chakuti chidzafukabe kwa zaka 20. Machumuni a kuno akuzima. Fakitale ya Ziscosteel ku Redcliff inaima mu 2008. Ya ArcelorMittal ku Saldanha inatsekedwa mu 2020, ndipo mu 2025 kampani yomweyo inalengeza zotseka ntchito yake ya ku Newcastle. Ng'anjo zambiri za chrome ku South Africa zaimitsidwa chifukwa cha kukwera mtengo kwa magetsi, miyala n'kumatumizidwa yosasungunula ku China, kumene utsi wake ndi phindu lake zimakatsalira. Kumene kukuyaka moto watsopano ndi ku Manhize ku Zimbabwe, pa fakitale ya Dinson imene inayamba kutulutsa chitsulo mu 2024. Malo ngati amenewo ndiwo ayenera kufunsidwa msanga za kumene mpweya wa m'ng'anjo zawo ukupita, chifukwa kuika mapaipi pamene fakitale ikukula n'kotchipa kuposa kudzagumula makoma pambuyo pake. Boma lopereka chilolezo lili ndi mphamvu yofunsa funso limeneli, ndipo yankho loona likhoza kukhala lakuti m'dziko losowa magetsi mpweyawo upange magetsi basi. Chosayenera kuvomerezedwa ndi lawi la pa chumuni.

Maiko opanda ng'anjo za chitsulo, monga Malawi, amauzidwa za njira ina. Zinyalala za m'tauni, utuchi kapena zotsalira za m'munda zikatenthedwa pamalo ochepa okosijeni zimasanduka mpweya womwe uja wa carbon monoxide ndi hydrogen. Kampani ya Sekisui Chemical ya ku Japan inatsegula fakitale yoyeserera ya mtundu umenewu mumzinda wa Kuji mu 2022, yodyetsa mabakiteriya mpweya wochokera ku zinyalala za m'makomo. Munthu woona milu ya zinyalala ku misika ya Lusaka, Lilongwe kapena Tete angakopeke. Koma fakitale imafuna zinyalala zofika pachipata tsiku lililonse, pamene makhonsolo ambiri a kuno amatola gawo lochepa la zinyalala za m'mizinda yawo. Mpweya wa zinyalala ndiwonso wovuta kuyeretsa, monga inaphunzirira INEOS Bio. Za m'munda nazo zili ndi eni ake: mapesi ndi chakudya cha ng'ombe m'chilimwe ndiponso chophimbira nthaka, ndipo makoko a nzimbe amaotchedwa kale m'mafakitale a shuga kuti apange nthunzi ndi magetsi.

Pali mpweya umodzi woyera bwino umene chigawo chino chili nawo pafupi. Yisiti akamafulula molasesi, pa kilogalamu iliyonse ya ethanol amatulutsanso carbon dioxide wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Wina amagwidwa n'kugulitsidwa kwa opanga zakumwa zoziziritsa kukhosi, wotsala amangouluka. Mabakiteriya atha kumusandutsa ethanol woonjezera popanda kulima mzere wina wa nzimbe, koma pokhapokha atapatsidwa hydrogen, ndipo hydrogen waukhondo amapangidwa pong'amba madzi ndi magetsi. Kilogalamu imodzi ya hydrogen imadya mayuniti a magetsi oposa 50, kutanthauza kuti lita imodzi ya ethanol wopangidwa motere imafuna mayuniti oposa 10, osawerengera oyendetsera mapampu ndi kutchezera. Fakitale ya malita 10 miliyoni pachaka ingafune mayuniti oposa 100 miliyoni, obwera mosadukiza, chifukwa mabakiteriya akasowa chakudya kwa nthawi amafooka ndipo thanki imayenera kuyambidwanso. Mu 2024, madzi atachepa m'damu la Kariba chifukwa cha chilala, mabanja ambiri ku Zambia ankaona magetsi kwa maola atatu okha pa tsiku.